Atate a Chisomo ali ku Central African Republic, nanga voti yawo?

Amake Chisomo: Mwauka bwanji nonse pagulu. Ndili ndi funso, musandiseke. Atate a Chisomo anapita ndi asilikali anzawo ku Central African Republic kukasungitsa mtendere, ndipo akuti mwina masankho adzachitika iwo akali komweko. Dzulo ndikukonza m'sutikesi ndapeza kadi yawo yovotera ili m'kapulasitiki pamodzi ndi kadi ya sikelo ya mwana. Kodi boma lathu la Zambia limawatumizira mapepala ovotera kumene aliko? Kapena ine ndingatenge kadiyo ndi reji yawo, chitupa cha unzika chija, n'kukawavotera, poti amene amamufuna ndimamudziwa?

Mjoni: Kuwavotera? Alamu, mukufuna tidzakubweretsereni nsima ku selo inu eti 😂

Aphunzitsi a ku Chadiza: Usayese mwana wanga. Ine ndagwirapo ntchito ya patebulo la masankho kawiri. Munthu akalowa timalandira reji ndi kadi, timaona nkhope yake n'kuyerekeza ndi chithunzi chili m'buku, kenako dzina limatchulidwa mokweza kuti oimira zipani amve, achonge m'mabuku awo. Akatero ndi inki pa chala chachikulu. Tsono iwe ndi duku lako udzati ndine atate a Chisomo? Zotumiza mapepala kunja kuno kwathu kulibe. Munthu amavotera pamene analembetsa, iye mwini ndi miyendo yake, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo.

Amake Chisomo: Ndiye kuti voti yawo yangotayika chabe?

Sajeni Wopuma: Yatayika amai, ndipo si yoyamba. Ine yunifomu ndinavala zaka 22, koma chala changa chinadetsedwa ndi inki kawiri kokha. Osati chifukwa cha ulesi ayi. Msilikali sasankha kokagona. Umalembetsa uli kampu ina, pofika tsiku la masankho akutumiza kumalire, kapena uli pa kosi, kapena uli kunja kwa dziko monga mwana wathuyu. Chaka china ndinali ndi kadi m'thumba la malaya, nditaimirira ndi mfuti pafupi ndi sukulu imene anthu ankavoterapo. Ndinkawaona akutuluka, akuonetsana zala, ena n'kundipatsa moni. Koma dzina langa linali m'buku la sukulu ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ndani akanandipatsa chilolezo chochoka? Madzulo ake ndinaperekeza galimoto yonyamula mabokosi, ine wosaponyamo kanthu.

Ndipo kumbukani 2021. Kutatsala masiku ochepa, asilikali anatulutsidwa m'makampu kuti athandize apolisi kusunga bata. Amene anatumizidwa kutali ndi kumene analembetsa, muganiza anavotera kuti?

Mayi Busa: Mayo ine. Sitimaziganiza n'komwe izi. Timangoona yunifomu.

Loya Wamawa: Atate aSajeni, ndiloleni ndiikepo za m'buku, ngakhale sukulu sindinamalize. Constitution yathu pa Article 46 imanena kuti nzika iliyonse yokwanitsa zaka 18 ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota mwachinsinsi. Sinanene kuti kupatula amene ali pa ntchito ku Birao, tauni ya ku Central African Republic kumene kuli asilikali athu. Msilikali chimene amaletsedwa ndi kuvala chitenje cha chipani ndi kuimba nawo pa kampeni, kuvota saletsedwa. Komanso mu lamulo la masankho la 2016 muli mawu a special vote, okhudza anthu monga olumala, amai apakati, ogwira ntchito ya masankho ndi achitetezo amene ali pa ntchito tsikulo. Mawuwo alimo ndithu. Kusowa kwake ndi kuwaona akuyenda pansi.

Chinanso, mu 2017 Constitutional Court inagamula kuti akaidi ali ndi ufulu wovota, ndipo mu 2021 anavotadi, mabokosi anawatsatira m'ndende momwemo.

Mjoni: Imani kaye. Wakuba mbuzi bokosi limamutsatira, koma wotumidwa ndi dziko kukagona m'tenti ayi?

Loya Wamawa: Akaidi sanalakwe povota achimwene, ufulu ndi wawo. Ine ndikungoti ngati zinatheka kumeneko, ndiye kuti njira imapezeka anthu akaifuna. Akaidi anapeza owapitira ku khoti. Msilikali ali pa ntchito angasumire bwanji boma lomwe amaligwirira saluti?

Anesi a ku Leeds: Ndangotuluka ku naiti, ndapeza mauthenga mulu. Amake Chisomo pepani asisi, koma nkhani yanuyi ndi yathunso ife. Ine ndinachoka kwathu ku Sinda zaka 11 zapitazo. Kuti ndivote ndiyenera kubwera kawiri: koyamba kudzalembetsa, chifukwa amafuna nkhope ndi zala zako pamakina, kachiwiri kudzaponya votiyo. Matikiti awiri a ndege, kuwonjezapo basi ya pa Intercity mpaka kwathu. Mu 2020 anataya buku lakale la ovota n'kuyamba latsopano, kalembera wake wa milungu yochepa chabe kumapeto kwa chaka, nthawi ya Covid, ife tili m'mawodi usana ndi usiku. Kadi yanga yakale inasanduka chokumbukira. Pasipoti ndikali nayo yobiriwira, reji ndili nayo, ofesi ya kazembe wathu ku London ilipo, sitima maola awiri ndi pang'ono. Chovuta n'chiyani kuika bokosi pamenepo?

Mlimi wa ku Vubwi: Ine ndinene zoona ngakhale mundide. Za asilikali ndavomera, amenewo anatumidwa. Koma inu a ku Ulaya munapita nokha. Pamzere wa feteleza simuimapo, malaiti akazima inu muli pa hita, msewu wa ku Vubwi mvula ikagwa simuudziwa. Mudzatisankhire munthu, akayamba kutiwawa inu muli phee ku Leeds? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ena a inu muli ndi mapasipoti awiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Anesi a ku Leeds: Amalume, mawu amenewo andilasa. Feteleza amene amai anga amathira m'munda ku Sinda amagula ndani? Ana atatu a malemu mlongo wanga, yunifomu ndi nsapato, amalipira ndani? Kwacha ikagwa kapena ikakwera ndimayamba kumva ndine pa foni, ndisanagone n'komwe. Amai atadwala chaka chatha mankhwala anasowa, ndinachita kutumiza ndalama kuti akagule mu tauni. M'mimba mwanga mumapweteka tsiku lililonse, chitseko chokha ndicho munandikhomera. Mukafuna ndalama ndife ana anu, ikafika voti tasanduka alendo?

Mlimi wa ku Vubwi: Ndalama si voti mwana wanga. Tikatero ndiye olemera azivota kawiri.

Anesi a ku Leeds: Sindinapemphe ziwiri. Imodzi yomweyo imene muli nayo inu.

Adimini: Tiyeni pang'onopang'ono abale. Amalume afunsa funso lenileni, anesi ayankha. Wina asatukwane, ndichotsa.

Loya Wamawa: Pa mapasipoti awiri, kuyambira 2016 lamulo limalola munthu kukhala nzika ya Zambia ndi ya dziko lina. Pali zimene amaletsedwa: sangaime pa upulezidenti, sangalowe usilikali. Koma kuvota sanamulande. Akabwera n'kulembetsa, amavota bwinobwino. Ndiye funso si lakuti kodi ayenera kuvota, lamulo linayankha kale. Funso ndi lakuti bokosi likhale kuti. Lero amene ali ndi ndalama ya ndege amavota, wosauka wa ku Joni savota. Amalume, olemera amene mukuwaopawo ndi amene akuvota kale.

Mlimi wa ku Vubwi: Hmm. Apo wandigwira pang'ono kamnyamata iwe. Koma sindinagwe.

Mjoni: Poti mwatchula wosauka wa ku Joni, ndabwera. Ife kuno si onse tili ngati anesi. Ambiri ndi a m'magaladeni, m'masaluni, pa mathiraki ngati ine. Ena mapepala anatha kalekale. Muganiza munthu wotere adzapita kukaima pamzere pa ofesi ya kazembe ku Pretoria, apolisi a kuno akuyang'ana? Ndipo amene ali ku Cape Town, Pretoria ndi usana ndi usiku pa basi. Bwana wake amulola? Ndiye ngakhale bokosi libwere, lidzathandiza a matayi poyamba. Komabe libwere. Ine ndikadzakhala kuti sindili pa Beitbridge kudikira mapepala a katundu, ndidzapita.

Mlamu wa ku Chanida: Inu mukukamba za London ndi Pretoria, taonani pafupi pompano. Mkazi wanga kwawo ndi ku Tete. A ku Mozambique okhala kunja amavota, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko amene amalembetsako anthu awo. Pa mipando 250 ya ku nyumba yawo ya malamulo, iwiri ndi ya anthu okhala kunja, umodzi wa a mu Africa, wina wa kwina konse. Dziko lija lavutika ndi nkhondo kuposa ife, chuma chake sichiposa chathu. Sindikuti masankho awo ndi oyera, mwamva nokha mikangano yake. Koma zoti ndalama ndiye vuto, ine sindimva.

Mayi Busa: Nanga a ku Malawi?

Mlamu wa ku Chanida: Amenewo ali ngati ife. Ofuna kuvota amakwera basi kubwerera kwawo.

Mlimi wa ku Vubwi: Mwaitchula nokha Malawi. Ife okhala m'malire timadziwa. Masankho akayandikira nkhani imayamba, akuti uyu si wa kuno, uyu reji anaipeza bwanji. Munda uli kuno, nyumba ili uko, amfumu ndi amodzi, manda ndi amodzi. Ngati pano pamene tikuonana maso timakangana chonchi, nanga bokosi lochokera kutsidya la nyanja, losaliona aliyense, mudzalikhulupirira?

Aphunzitsi a ku Chadiza: Apa aVubwi anena chinthu. Mphamvu ya masankho athu ili pa kuwerengera pomwepo. Tikatseka 6 koloko, bokosi timatsegula pamaso pa oimira zipani, pepala lililonse timalikweza m'mwamba, nthawi zina ndi nyali ya batire chifukwa kusukulu kulibe malaiti. Tikamaliza onse amasaina fomu ya zotsatira yotchedwa Gen 20, kope ina timamata pakhomo. Munthu wa m'mudzi amabwera m'mawa n'kuwerenga yekha. Tsono ku ofesi ya kazembe, kazembeyo anasankhidwa ndi pulezidenti amene ali pa mpikisano. Chipani chaching'ono chidzapeza ndalama yotumiza womuimira ku London, ku Pretoria, ku Washington? Izi ziyenera kuyankhidwa tisanayambe kuvina.

Ndipo musaiwale kuti kuno masankho amathera pa kamtunda kakang'ono. Mu 2008 a Rupiah Banda anaposa a Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000. Mu January 2015 a Lungu anaposa a Hichilema ndi 27,757 chabe. Pano tilinso ndi lamulo lakuti wopambana apitirire theka la mavoti onse. Ndiye wandale aliyense akamva za mavoti a kunja amayamba wawerengera kuti adzagwera kwa yani. Akakhala kotsutsa amawafuna, akalowa m'boma amaiwala.

Mjoni: Aphunzitsi mwamenya pamutu penipeni 😂

Wa ku Dubai: Ine ndimangowerenga osalankhula, koma lero ndiseke nawo. Mapepala ovotera a 2016 ndi a 2021 anasindikizidwa kuno ku Dubai. Anakwera ndege kupita ku Lusaka, ine amene ndimagwira ntchito mu hotela mumzinda womwewo anandisiya. Pepala lili ndi viza, mwini wake ndilibe.

Anesi a ku Leeds: 😂😂 mwandichotsa mkwiyo.

Wa ku Dubai: Koma bwanji osangovota pa foni? Ndalama timatumiza pa foni, zimafika.

Loya Wamawa: Ndalama ikasochera umaona, umadandaula, amakubwezera, chifukwa dzina lako lilipo. Voti ilibe dzina, ikasochera udziwa bwanji? Komanso kumbukani 12 August 2021. Tsiku lovota lomwelo WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, anthu tinathamangira ma VPN. Mukufuna voti yanu idalire amene wagwira switchi?

Sajeni Wopuma: Ndabwerako kumunda. Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna ndichenjeze ana anga amene mukutimvera chisoni. Zikomo, koma samalani ndi mankhwala amene mukutipatsa. Mukangoti asilikali azivotera mu kampu, bokosi lawolawo, mwatipha. Taganizani: batalyoni imodzi ili ku Birao, yavota, mavoti awerengedwa, zotsatira zamatidwa. Dziko lonse ladziwa kuti anyamata aja anakonda yani. Wopambanayo ndiye mkulu wa asilikali onse. Akaona kuti sanamuvotere? Kukwezedwa pa ntchito, ulendo wina wa kunja, zonse zimadutsa m'manja mwa anthu. Ndipo msilikali anaphunzitsidwa kuti bwana akati kumanzere, ndi kumanzere. Bwana sayenera n'kulankhula komwe, kungoima pafupi ndi khomo n'kutsokomola, basi mnyamata wamva. Kwa anzathu ku Zimbabwe apolisi amavota ndi mapepala a pa positi tsiku lisanafike, ndipo madandaulo amamveka akuti ena amachonga akuluakulu awo ali pomwepo. Ine bola kusavota kusiyana ndi kuvota wina akundisuzumira paphewa.

Amake Chisomo: Ndiye atate, mukuti zikhale momwemu?

Sajeni Wopuma: Ayi amai. Ndikuti zichitike mwa nzeru. Oyendetsa akhale anthu wamba a ECZ, bungwe loyendetsa masankho, osati a yunifomu. Pepala lilowe mu envulopu yomata, libwere kumudzi, lisakanizidwe ndi a anthu ena lisanawerengedwe, kuti pasapezeke wonena kuti awa ndi a masoja. Ku Namibia asilikali, apolisi ndi a pa nyanja amavota tsiku lawo masankho asanafike, pamodzi ndi okhala kunja. Tikhoza kukaona mmene amachitira, chabwino titenge, choipa tisiye. Ndipo ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi otumidwa ndi boma: asilikali a mtendere, ogwira ntchito kwa akazembe, ana a sukulu otumizidwa ndi boma. Maina awo ali kale m'mabuku, palibe amene anganene kuti ndi a ku Mchinji ku Malawi. Zikayenda bwino, anesi ndi a Mjoni n'kulowa.

Anesi a ku Leeds: Ndiye ife tidikirenso zaka zisanu?

Sajeni Wopuma: Mwadikira kale 11 mwana wanga.

Anesi a ku Leeds: Ndicho chifukwa chake ndatopa atate.

Mlimi wa ku Vubwi: Ine ndili ndi pogonjera. Avote pa pulezidenti pokha. Khansala ndi MP atisiyire ife amene timadziwa mjigo umene unafa. Anesi angadziwe bwanji kuti khansala wathu amagona ku tauni?

Loya Wamawa: Amalume mwafika pamene anafika a ku Kenya. Kumeneko okhala kunja anayamba kuvota mu 2013, ndipo amavotera pulezidenti yekha. Anayamba ndi maiko anayi a kum'mawa kwa Africa, pofika 2022 anali 12. Ku South Africa khoti lawo lalikulu linatsegula njira mu 2009, ndipo a kunja amalandira pepala la dziko lonse, osati la chigawo. Zimapeputsanso ntchito. Ife timaponya mapepala anayi, pulezidenti, MP, meya kapena tcheyamani wa khonsolo, ndi khansala. Kuti ofesi ya ku London isunge mapepala a wadi iliyonse ya m'Zambia, ingafune nkhokwe.

Anesi a ku Leeds: Pulezidenti yekha ndavomera. Khansala wanu khalani naye amalume.

Mlimi wa ku Vubwi: Mukamufuna ndikutumizirani pa DHL.

Aphunzitsi a ku Chadiza: Ndiponyeko ka mbiri, ndi matenda a aphunzitsi. Kampu ya asilikali ya mu Chipata imatchedwa Gondar. Ana ambiri amayesa ndi dzina la Chingoni. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1941, ndipo azigogo athu anali m'gulu la asilikali a Mngelezi amene anamenya nkhondo m'dera limenelo. Ena anafika mpaka ku Burma, n'chifukwa chake ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin. Anthu aja anabwerera ndi mamendulo, koma voti analibe. Voti ya munthu wamkulu aliyense inafika mu January 1964. Agogo anga aamuna anali ndi jasi ya nkhondo imene ankavala ngakhale mu October, ndipo tsiku lovota ankadzuka nkhuku zisanalire. Ndikamva kuti mdzukulu wa anthu aja ali ku Birao wopanda povotera, ndimakumbuka jasi ija.

Mayi Busa: Aphunzitsi mwatiliza.

Anesi a ku Leeds: Ine vuto langa lina ndi ili. Masankho amakhala Lachinayi lachiwiri la August, mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mwezi womwewo. Tchuthi amandipatsa milungu iwiri. Amai akuti ubwere pa Kulamba, achibale a ku Malawi ndi ku Mozambique adzakhalapo, uwaone. Ndikabwerera voti, Kulamba ndiphonya. Ndipo kubwerera voti n'kopanda pake ngati sindinalembetse. Mwaona mmene zimathera? Umangoti chabwino, gule ndiye ndikaone.

Mjoni: Gule safuna kadi 😂

Aphunzitsi a ku Chadiza: Tisanabalalike, amake Chisomo, takamba za amuna ako tsiku lonse. Iwe kadi yako ili bwanji? Tayang'ana palembedwa malo ovotera ati.

Amake Chisomo: Dikirani ndione m'chikwama.

Amake Chisomo: Mayo. Yalembedwa ku Kabwe. Tinalembetsa tili kumeneko mu 2020, transifa yobwera kuno inatipeza pambuyo pake. Ine ndimayesa kadi ndi kadi, ndingavotere paliponse.

Sajeni Wopuma: Mwaona? Transifa ya msilikali imanyamula mavoti awiri, yake ndi ya mkazi wake. Pitani m'makomboni a m'kampu mufunse azimai, mudzapeza makadi a ku Ndola, a ku Kaoma, a ku Mbala.

Aphunzitsi a ku Chadiza: Yako ili ndi mankhwala mwana wanga, bola usachedwe. Kalembera akakhala wotsegula, tenga reji ndi kadi yakaleyo, upite wekha ukawauze kuti unasamuka, akusinthire malo. Salipiritsa. Buku likatsekedwa ndiye basi, udzachita kukwera basi ya ku Lusaka, kenako ina ya ku Kabwe. Ndipo akadzaika buku poyera kuti anthu aone maina, upitenso ukaone ngati lako lalembedwa bwino.

Amake Chisomo: Atate a Chisomo atumiza voisi tsopano apa, netiweki yawo imagwira usiku chabe. Ndinawauza zonse. Aseka za ine kukawavotera, akuti ndevu ndikazibwereka kuti. Akuti aSajeni anena zoona za envulopu, apereke moni. Akuti kadi yawo ndiichotse m'kapulasitiki ka sikelo chifukwa Chisomo amatafuna chilichonse, ndiiike m'Baibulo.

Sajeni Wopuma: Moni wafika. Muwauze avale chipewa chachitsulo nthawi zonse, asazolowere malo.

Amake Chisomo: Ndiwauza atate. Tsono Lolemba ndikufuna ndipite m'mawa ndikafunse za kusintha kadiyi, koma tomato wanga pa msika wa Kapata ndisiyira ndani? Wapsa kale, sangadikire.

Mayi Busa: Bweretsa mabeseniwo pa tebulo langa, ndili mzere wa anyezi pafupi ndi mpopi. Undiuze mitengo chabe, ndipo usaiwale reji.